Malangizo kwa Ana a ku Meponda Ofuna Kuulutsa Roketi

M'mera mpoyamba, anatero makolo. Mwana wa kuno ku Meponda sanayambe wasowapo chopanga ndi manja ake. Akapeza waya amapinda galimoto ya chiwongolero chachitali, akatola majumbo amakulunga mpira, akapeza chikuni chofewa amasema kabwato n'kukayandamitsa m'mphepete mwa nyanja. Tsopano foni yafika ngakhale m'manja mwa asodzi, ndipo ana aona m'menemo chinthu china: roketi ikunyamuka, moto uli kumbuyo, ikuboola mitambo. Mwana akaona zotere sagona tulo. Mawa adzakufunsani kuti chija chimauluka bwanji, ndipo mukapanda kumuyankha, mkuja mudzamupeza kuseri kwa nkhokwe ali ndi chitini ndi bokosi la machesi. N'chifukwa chake ndati tikhale pansi, inu makolo anzanga ndi inu adzukulu, tiikambe nkhaniyi moto usanagwire denga.

Ndiyambe ndi ife akuluakulu, pakuti vuto loyamba limakhala pakamwa pathu. Timafulumira kuseka. Tsidya la nyanjayi, ku Wimbe m'boma la Kasungu, mnyamata William Kamkwamba anasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002. Anayamba kubwereka mabuku m'kalaibulale ka pasukulu ya pulayimale, n'kumatola zitsulo zotayidwa, zida za njinga ndi mitengo ya bulugamu. Anthu ankati wapenga. Makina oyendera mphepo amene anapanga atayatsa babu, oseka aja ndiwo anayamba kubwera kudzatchajitsa mafoni. Mu 2014 anamaliza maphunziro ku Dartmouth College, ku America. Ndipo kusekedwa si kwa mwana wa mmphawi yekha. Robert Goddard, mphunzitsi wa sayansi wa ku America komweko, ananyozedwa ndi nyuzipepala ya New York Times mu 1920 chifukwa chonena kuti roketi ingathe kufika kumwezi. Pa 16 Malichi 1926 anaulutsa roketi yoyamba yoyendera mafuta amadzimadzi. Inakwera mamita 12 ndi theka okha, inakhala m'mwamba masekondi osakwana atatu, n'kugwera m'munda wa kabichi. Patapita zaka 43, mu Julaye 1969, anthu ali pa ulendo wopita kumwezi, nyuzipepala ija inalemba kuti inalakwitsa. Goddard anali atamwalira kale. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo amene amaseka kudumpha koyamba amakhala kuti sanaone kumene ulendo ukupita.

Koma mtima wofuna pawokha sukweza kanthu m'mwamba. Ku Zambia, mu 1964, chaka chimene dzikolo linalandira ufulu, mphunzitsi Edward Mukuka Nkoloso analengeza kuti adzatumiza achinyamata a dziko lake kumwezi ndi ku Mars. Ankawaphunzitsa pafupi ndi Lusaka powalowetsa mumgolo n'kuukunkhuniza pamtsetse, ndipo anapempha bungwe la UNESCO mapaundi 7 miliyoni amene sanabwere. Ine sindimuseka munthu ameneyu. Anamenyera nawo ufulu wa dziko lake, ndipo anakana kuvomereza kuti thambo ndi la azungu okha. Chimene chinasowa pa ntchito yake ndi kuyamba pa chaching'ono chimene ungathe kuchiyeza, kuchikonza ndi kuchiyesanso mawa. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Mdzukulu wanga, tenga mtima wa Nkoloso, koma manja ako akhale odekha ngati a Goddard.

Tsopano ndinene mawu olemera, ndipo pano ndikupempha kuti aliyense atchere khutu. Pali mwambi wakuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imfotere yekha. Mwambi umenewu uli ndi malire ake. Nyanga ya nsatsi ikafota, mwana amalira n'kuphunzirapo. Onga sufota. Mitu ya machesi yotsendereredwa m'chitini kapena m'paipi yachitsulo, onga wa mfuti, mankhwala osakaniza chifukwa choti wina waonetsa pa foni, zonsezi zikalakwika zimachotsa zala ndi maso, ndipo diso silimeranso. Ife a ku Mozambique sitifunika kuuzidwa ndi mlendo za chinthu chophulika. Nkhondo inatha mu 1992, koma mabomba okwirira pansi anapitiriza kudula miyendo ya alimi ndi ana, ndipo dziko lathu linadikira mpaka 2015 kuti lilengeze kuti minda yodziwika ya mabombawo yayeretsedwa. Tisalole kuti chimene tinachichotsa m'minda ndi misozi chibwerere m'manja mwa ana athu m'dzina la masewera. Ndipo kumbukirani kuti nyumba zambiri pano n'zofolera ndi udzu, ndi kuti m'chilimwe kamoto kamodzi kakagwa patchire kamayenda mpaka kuphiri.

Ngakhale kwa eni ake a masewerawa phunziro limeneli linagulidwa ndi magazi. Dziko la Soviet Union litaulutsa setilaiti yotchedwa Sputnik pa 4 Okutobala 1957, achinyamata ambiri a ku America anayamba kusakaniza okha mankhwala m'nyumba za makolo awo, ndipo ena anavulala koopsa, ena anafa. Amuna awiri ndiwo anathandiza kutseka dzenjeli. Orville Carlisle, wogulitsa nsapato wa ku Nebraska amene ankadziwa bwino za zophulika, anapanga kainjini kakang'ono kotetezeka, ndipo G. Harry Stine, amene anagwirapo ntchito yoona za chitetezo pamalo oyesera maroketi a White Sands, analemba malamulo. Mu 1957 momwemo munayambika bungwe limene lero likutchedwa National Association of Rocketry. Malamulo ake ndi osavuta kumva: mwana asapange yekha mankhwala oyaka, thupi la roketi likhale la pepala, mtengo wopepuka kapena pulasitiki, oonerera aime patali, ndipo ikakana kunyamuka munthu adikire masekondi 60 asanayandikire. Kuno tilibe sitolo yogulitsa tinjini ta kufakitale toteroto. Tili ndi nyanja yodzaza madzi, tili ndi mpweya waulere, tili ndi mabotolo apulasitiki amene akungotayika, ndipo pampu ya njinga siisowa m'mudzi. Zimenezi n'zokwanira kuulutsa roketi yeniyeni.

Ndikuti yeniyeni chifukwa lamulo loiyendetsa ndi lomwelo limene limayendetsa zikuluzikulu zija. Isaac Newton analilemba mu 1687: ukakankha chinthu, nacho chimakukankha ndi mphamvu yofanana. Mwana aliyense wa kunyanja analiona kale lamuloli ndi maso. Ukadumpha kuchoka m'bwato kupita pamchenga, bwato limabwerera m'mbuyo. Roketi ya madzi imachita zomwezo. Mpweya wopanikizika m'botolo umakankhira madzi pansi mwamphamvu kudzera kukamwa, ndipo madziwo potuluka amakankhira botolo m'mwamba. Palibe matsenga, palibe moto.

Ntchito imayambira posankha botolo, ndipo apa ndi pamene ofulumira amagwa. Tenga la pulasitiki limene munali chakumwa cha gasi, la lita imodzi ndi theka kapena malita 2, chifukwa linapangidwa kuti lizipirira mpweya wopanikizika. La madzi akumwa wamba n'lopyapyala. Lagalasi usaliganizire n'komwe, pakuti likasweka zidutswa zake zimauluka ngati mipeni. Botolo limene lakhalitsa padzuwa, lopindika, kapena lokhala ndi mzere wokandika, lisiye ngakhale likuoneka lokongola. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ukalipeza labwino, usalidule, usaliboole, usaliyandikize kumoto kapena kulithira madzi otentha, chifukwa kutentha kumalifooketsa. Ndipo usanalimangirire chilichonse, liyese motere: lidzaze madzi mpaka pakamwa, litseke, ulipope uli patali. Madzi sapanikizika ngati mpweya, choncho botolo lodzaza madzi likang'ambika limangotayikira popanda kuphulika kwenikweni. Kuli bwino likukhumudwitse pamenepo kusiyana ndi pakati pa anzako.

Pouluka, kamwa la botolo limaloza pansi, ndipo thako lake ndilo limatsogola. Kumeneko kumafunika mutu. Dula botolo lachiwiri chakumtunda kwake, uveke gawo losongokalo pathako la loyamba, umange ndi tepi molimba ndi mowongoka. M'kati mwa mutuwo ikamo kampira ka dongo kapena kajumbo ka mchenga wonyowa, kolemera pang'ono chabe. Mwala, msomali kapena chitsulo chilichonse chisalowemo, chifukwa chokwera chimatsika, ndipo sudziwa kuti chitsikira pamutu pa yani. Kenako zipsepse. Zikhale zitatu kapena zinayi, zodulidwa kuchokera ku chigubu chakale kapena katoni yolimba yokutidwa ndi tepi kuti isanyowe. Dula chimodzi, ndipo chimenecho chikhale muyeso wa zinzake zonse. Kuti zitalikirane mofanana, zunguliza kapepala pabotolo, ukapinde patatu kapena panayi, ulembe zizindikiro pamene papindika. Zimangidwe kufupi ndi kamwa, zitaima chilili. Chipsepse chimodzi chikapendekeka, roketi imazungulira ngati yaledzera, ndipo chikagwedera chimathothoka ikangonyamuka.

Chifukwa chake n'chakuti roketi imayenda mowongoka pokhapokha kulemera kuli kutsogolo ndipo mbali yogwira mphepo ili kumbuyo, monga muvi uli ndi chitsulo kumutu ndi nthenga kumchira. Pali njira yodziwira zimenezi usanathire dontho la madzi. Ika roketi yopanda madzi pachala chako mpaka upeze pamene ikukhazikika osapendekera mbali iliyonse. Manga chingwe pamenepo, uchigwirize ndi tepi kuti chisasunthe, ndipo uizunguze pamwamba pa mutu wako pabwalo lopanda anthu. Ikamatsogoza mutu, ili bwino. Ikamayenda chammbali kapena chafutambuyo, wonjezera dongo pang'ono kumutu kapena kulitsa zipsepse, uyesenso. Ndikudziwa kuti apa mtima umakhala utathamangira kale kubwalo, ndipo anzako akukuitana. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene amadumpha muyeso umenewu ndi amene roketi yake imatembenuka m'mwamba n'kulondola anthu.

Chotsekera ndicho chimavuta kwambiri, ndipo pano safunsa anadya phula. Pita kwa amalume ako okonza njinga, uwalonjere mwaulemu, uwapemphe vavu ya chubu chakale. Sema chotsekera kuchokera ku mphira wa patapata wakutha kapena chotsekera cha botolo la vinyo, chokwana kukamwa kwa botolo mothina. Uchiboole pakati ndi msomali, ulowetsemo vavu ija, ndipo ngati pakutuluka mpweya kulungapo legeni. Ngati ungapeze kapaipi kakatali kolumikiza pampu ndi vavu, ndiye bwino koposa, kuti wopopa akhale mamita atatu kapena kuposerapo kuchokera pa roketi. Dziwa chinthu chimodzi chokhudza chotsekera chotere: chimafwamphuka chokha mpweya ukachuluka, ndipo palibe amene amadziwa kuti ndi pa kupopa kwachingati. Choncho kuyambira pamene dzanja lagwira pampu, roketiyo uiyese ngati yanyamuka kale. Nkhope ya munthu isakhale pamwamba pake ngakhale kamphindi. Pampu ikakhala ndi geji, musapitirire mabaa 4. Padzakhala mnzako wina wonena kuti thinitsa chotsekera, popa kwambiri, tione ikafika pati. Umuuze kuti ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.

Madzi akhale gawo limodzi mwa magawo atatu a botolo. Ambiri amaganiza kuti madzi ochuluka ndiwo mphamvu yochuluka, koma botolo likadzaza limalemera ndipo mpweya wokankha umachepa, moti limangodzuka pang'ono n'kugwa likukhavula madzi. Madzi akachepanso, mpweya umathawa msanga usanagwire ntchito. Poikira pake zika timitengo ta nsungwi titatu kapena tinayi tosalala mumchenga, tozungulira botolo mosalithina, kuti tiliwongolere poyambira pamene lisanapeze liwiro. Tipendekere pang'ono kumbali yopanda anthu. Ofuna kupikisana pa kutalika kwa mtunda apendeketse mpaka pafupifupi madigiri 45, koma pamenepo kutsogolo konse kukhale kopanda munthu, mbuzi kapena nkhuku.

Za malo ndi mphepo funsani asodzi, pakuti iwo amawerenga thambo tsiku lililonse moyo wawo uli pachiswe. Mwera ukamawomba m'miyezi yozizira, msodzi wanzeru amakokera bwato kumtunda, ndipo woulutsa roketi achite chimodzimodzi. Roketi ya zipsepse imakonda kutembenukira kumene mphepo ikuchokera, choncho pa tsiku la mphepo imapita kumene simunaitume. Sankhani nthawi imene nyanja yagona. Bwalo la mpira la pasukulu kapena mchenga wautali wopanda anthu ndiwo malo ake, kutali ndi mawaya a magetsi, kutali ndi nyumba, kutali ndi mathandala a usipa ndi pamene abambo akusoka maukonde. Usipa umene uli pathandala ndi fizi ya mwana wina ndi ufa wa banja lina, ndipo masewera amene amawononga chakudya cha mnansi amatsekedwa ndi amfumu tsiku lomwelo.

Mutu umodzi susenza denga. Pa tsiku loulutsa pakhale wamkulu mmodzi, mphunzitsi kapena kholo, ndipo ana agawane ntchito. Wina apope, wina ayang'anire kuti tiana tating'ono tili kumbuyo kwa mzere wolembedwa pamchenga, mamita 10 kapena kuposa, wina agwire foni yowerengera nthawi, wina alembe. Asanayambe kupopa, onse awerenge mokweza kuchokera pa zisanu kutsika mpaka chimodzi, kuti ngakhale mayi wodutsa ndi ndowa pamutu adziwe kuti pali chimene chikuchitika. Ikamatsika musaithamangire kuti muiwakhe. Ndipo ikakana kunyamuka, apa ndi pamene khalidwe la mwana limaonekera. Wopupuluma amathamanga kukasuzumira. Wophunzitsidwa bwino amasiya kupopa, amadikira, amatulutsa mpweya kudzera kumbali ya pampu, ndipo ngati zimenezo zakanika amaitana wamkulu kuti aigwedeze ndi nsungwi yaitali ataima chammbali. Sunga khosi, mkanda woyera udzavala.

Chimene chimasiyanitsa masewera wamba ndi kuphunzira ndi kope. Lembani tsiku, kuchuluka kwa madzi, kangati mwapopa, zipsepse zingati, mphepo inali bwanji, ndi masekondi amene roketi yakhala m'mwamba kuyambira ponyamuka mpaka pogwa. Masekondi amenewo angakuuzeni msinkhu umene yafika. Achulukitseni ndi iwo okha, kenako muchulukitse yankholo ndi 1.2, ndipo mupeza mamita mongoyerekeza. Ikakhala m'mwamba masekondi 4, yafika pafupifupi mamita 19 kapena 20. Ikakhala masekondi 5, yafika pafupifupi mamita 30, kutanthauza kuti botolo lanu lapitirira kawiri pamene roketi yoyamba ya Goddard inafika. Mukafuna kukonza, sinthani chinthu chimodzi chokha pa ulendo uliwonse. Mukasintha madzi, zipsepse ndi dongo nthawi imodzi, ndiye ikauluka bwino simudziwa chimene chathandiza, ikagwa simudziwa chimene chalakwa. Mapanga awiri avumbwitsa. Amene adziwa kale kuulutsa mowongoka angayambe kuyesa parachuti ya jumbo yodulidwa mozungulira ndi timaulusi tofanana kutalika, koma imeneyo ndi sitepe ya pambuyo, ndipo imafuna kuleza mtima kwina chifukwa kawirikawiri imakana kutseguka.

Wina asanene kuti izi n'zachibwana zosafika patali. Mu 2015 gulu la ophunzira ndi aphunzitsi a University of Cape Town ku South Africa linaulutsa roketi ya madzi ndi mpweya mpaka mamita 830, ndipo panthawiyo palibe wina padziko lonse amene anali atafikapo pamenepo ndi roketi ya mtundu umenewu. Yawo inali yopangidwa ndi zipangizo zolimba za kuyunivesite, koma madzi ndi omwewa, mpweya ndi womwewu, lamulo ndi lomweli. Ndipo Africa si mlendo pa za m'mlengalenga monga ena amaganizira. Pa 12 Disembala 1970, setilaiti yotchedwa Uhuru inaulutsidwa kuchokera pa nsanja ya San Marco, panyanja pafupi ndi Malindi ku Kenya, ndipo inathandiza akatswiri kuona nyenyezi zotulutsa kuwala kumene maso a munthu saona. Mwana wa ku Meponda amene lero akulemba masekondi m'kope akuphunzira masamu omwe adzawapeze akakwera mtunda kupita ku sekondale kapena ku koleji ku Lichinga, ndipo adzawapeza ngati mnzake wakale.

Kwa inu amayi ndi abambo ndili ndi pempho. Mwana wamkazi asatumidwe kukatunga madzi a roketi kenako n'kuuzidwa kuti aime kumbuyo. Manja amene amadziwa kuyeza ufa ndi madzi kuti nsima ikhale bwino sangalephere kuyeza gawo limodzi mwa atatu m'botolo, ndipo nayenso ali ndi mutu wofuna kudziwa. Mpatseni pampu apope, mpatseni kope alembe. Kwa inu aphunzitsi, phunziro la Newton limene ana amaliloweza pabolodi m'Chipwitikizi n'kuliiwala mayeso akatha, litulutseni pabwalo Loweruka lina m'mawa, ndipo muitane makolo adzaone. Akulu ndi m'dambo mozimira moto. Mwana amene waona kuti bambo ake amugwirira nsungwi ndipo aphunzitsi ake amuwerengera masekondi sakhalanso ndi chifukwa chobisala kuseri kwa nkhokwe ndi machesi. Ndipo mwana wa mnzako ngwako yemwe: mukaona wa nyumba ina akutsendera mitu ya machesi m'chitini, musadikire kuti makolo ake abwere kuchokera kumunda. Mulandeni chitinicho mwachikondi, mum'khazike pansi, mumuonetse njira ya botolo.

Mukamaliza, tolani zonse. Zidutswa za tepi, zipsepse zothothoka ndi mabotolo ong'ambika zisatsale pamchenga kuti mafunde azitengere m'nyanja, chifukwa m'menemo ndi mmene timamwa ndi mmene chambo ndi utaka zimaswana. Botolo limene lauluka maulendo angapo n'kumagwa pouma liyang'aneni bwino, ndipo likaonetsa mizere yoyera kapena kupindika lipumitseni, mutenge lina. Pampu muibweze kwa mwini wake tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, yopukutidwa mchenga, chifukwa mawa m'mawa akuifuna pa ntchito yake.